Dziko linavina, koma mantha a ku Berlin silinawamve

Anthu ambiri akamva nyimbo ya 99 Luftballons ya Nena, woimba wa ku Germany, amangogwedeza mutu mosangalala, ndipo ine zimandiwawa. Nyimbo ija si yachikondwerero ayi. Ikukamba za mabaluni amene anauluka, akuluakulu a asilikali n'kuwayesa adani, nkhondo n'kubuka, dziko n'kusanduka bwinja. Inatuluka mu 1983, Germany ali wogawika pawiri, khoma lili chilili pakati pa Berlin, mizinga ya nyukiliya italozetsana. Achinyamata a kumeneko ankagona ndi mantha enieni, ndipo mantha amenewo ndi omwe anawaika m'nyimbo.

Maimbidwe amenewa, otchedwa Neue Deutsche Welle (kutanthauza funde latsopano la Chijeremani), sanayambire pa wailesi. Anayambira m'timabala ta ku Düsseldorf, Hamburg ndi West Berlin chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pakati pa anyamata ndi atsikana a punk (nyimbo zaphokoso, zaukali) amene anatopa ndi kuimba m'Chingelezi motsanzira a ku London. Nyimbo zotsekemera zimene makolo awo ankakonda zinawatopetsanso. Anafuna kunena zawo m'Chijeremani, mwaukali, pa masinthesaiza (makiyibodi amagetsi) otchipa. Njira anali atailambula kale a gulu la Kraftwerk, omwe mu 1974 anaonetsa ndi chimbale chawo cha Autobahn kuti makina atha kuimba nyimbo yogwira mtima.

Tsono taonani m'mene dziko linawalandirira. Ku America, nyimbo ya Nena inafika pa nambala 2 ili m'Chijeremani chokhachokha, anthu akuigula osamva ndi liwu limodzi lomwe. Ku Britain inafika pa nambala 1 mu 1984, koma itaimbidwanso m'Chingelezi. Da Da Da ya gulu la Trio, yoimbidwa ndi kakiyibodi kakang'ono ka Casio, inafika pa nambala 2 ku Britain mu 1982. Falco wa ku Vienna, Austria, anakwera mpaka pamwamba penipeni ku America mu 1986 ndi Rock Me Amadeus.

Wina anganene kuti kumeneko ndiye kupambana. Inde, sindikana, ndipo zimandisangalatsa kuti chilankhulo sichinawatsekere khomo. Koma chimene akunja anatola ndi kayimbidwe kokoma ndi kachilendo kake basi. Anawatenga oimbawa ngati anthu a nyimbo imodzi, oseketsa, a mawu odabwitsa. Zimene ankadandaula, za mizinda ya konkire, za kusowa tsogolo, za nkhondo imene inkaoneka kuti yayandikira, zinatsala kwawo.

Ngakhale kwawoko makampani a nyimbo anachita umbombo. Ataona kuti malonda alipo, aliyense woimba m'Chijeremani anamumata dzina lomwelo, msika n'kudzaza ndi nyimbo zopanda mutu, moti pofika 1984 anthu anali atakhuta nazo. Chaka chomwecho gulu la Alphaville la ku Münster linatchuka dziko lonse likuimba m'Chingelezi. Nyimbo yawo ya Forever Young ndimaikonda kwambiri, nayonso ili ndi mantha a bomba mkati mwake, koma anthu amangoiimba pa maphwando.

Ngati mukufuna kumva chimene achinyamata aja ankanena, musathere pa Nena. Funani chimbale cha gulu la Fehlfarben cha mu 1980, Monarchie und Alltag, kenako nyimbo za magulu a DAF ndi Ideal. Mupeze mawu ake omasuliridwa, muwerenge uku mukumvera.