Ku Joni amayamba afufuza, kwathu timathamangira kulengeza mudzi ndi mfumu

Mwezi watha msuweni wanga anagona m'chitokosi masiku anayi. Sitolo ina pa tawuni yakwathu inathyoledwa usiku, mlonda anakhapidwa ndi zikwanje, ndipo apolisi anatola anyamata asanu amene anawapeza chapafupi. Iye anagwera m'gulumo chifukwa amayendetsa kabaza mpaka usiku. Dzuwa lisanalowe, ine kuno ku Joni ndinali nditaona kale nkhope yake pa tsamba lina la nkhani pa Facebook. Dzina lonse, zaka zake, mudzi, mfumu yaikulu, boma, zonse mbwee. Pamwamba analemba kuti zigawenga zisanu zili m'manja mwa apolisi. Mawu oti "akuwaganizira" anabisala m'munsi, poti anthu ambiri safikapo n'komwe, akakhala atathamangira kale kumakomenti kukalemba kuti awotcheni amenewo. Tsiku lachisanu anamutulutsa, mlandu palibe. Pitani mukaone ngati tsambalo linabwereranso kudzanena kuti mnyamata uja alibe mlandu. Azakhali anga pano kuchigayo akupita mbandakucha kuopa maso a anthu.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'choti sabata yomweyo ndinaona zosiyana. Ndimayendetsa galimoto pa kanyuzipepala kena kakang'ono kuno, ndipo madzulo ena ndikudikira kuti ndiwatule antchito, akonzi awiri anakangana pafupifupi ola lathunthu pa liwu limodzi. Bambo wina anamangidwa pa imfa ya chibwenzi chake. Mkonzi wamwamuna ankati tingolemba kuti wakupha, poti oyandikana naye nyumba onse akutero. Wamkaziyo anangomufunsa kuti, oyandikana nayewo anaona ndi maso, kapena anamva? Lipoti la dokotala woyeza mtembo tili nalo? Wakaonekera kukhoti? Pomaliza nkhani inatuluka yopanda dzina, yopanda chithunzi, yongoti bambo wa zaka zakutizakuti wamangidwa ndipo akaonekera kukhoti Lolemba. Ine ndinafika kunyumba mochedwa koma sindinadandaule.

Si kuti akonzi a kuno anabadwa oyera mtima ayi. Amaopa. Kuli Press Council yokhala ndi munthu womva madandaulo amene amatha kulamula nyuzipepala kupepesa poyera, ndipo kuli maloya amene amadikira kuti ulakwitse. Apolisi enieniwo kawirikawiri satchula dzina la munthu asanaonekere kukhoti, ndipo pa milandu yogwiririra lamulo limaletsa kumutchula asanayankhe mlandu. Kwathu mneneri wa apolisi akangotumiza uthenga pa WhatsApp, masamba khumi amaukopera mmene ulili, ndi zolakwika zomwe, n'kutsekera ndi nyimbo ija tonse timaidziwa: amachokera m'mudzi mwa uje, mfumu yaikulu uje, m'boma lakutilakuti. Umboni wake ndi womwewo basi, munthu mmodzi amene naye wangouzidwa.

Mukumbukire za Thabo Bester. Ameneyu sanali woganiziridwa, khoti linamupeza wolakwa pa kugwiririra ndi kupha, n'kumulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 2012. Pa 3 May 2022 akuluakulu a ndende analengeza kuti wafa pa moto m'chipinda chake ku ndende ya Mangaung, ku Bloemfontein, imene inkayendetsedwa ndi kampani ya G4S. Ukanakhala mwambo wakwathu, nkhani ikanathera pomwepo, poti boma lanena. Atolankhani a nyuzipepala ya pa intaneti ya GroundUp sanameze. Mu November chaka chomwecho anayamba kufunsa mafunso, ndipo pofika March 2023 anatulutsa zoti mtembo unapezeka m'chipindamo unali wa munthu amene anafa ndi kumenyedwa m'mutu moto usanayake. Atapeza chithunzi cha Bester akugula zinthu ku Sandton City, sanalumphe n'kunena kuti ndi yemweyo. Analemba kuti munthu wofanana naye waoneka. Taganizani, munthu wakupha wodziwika dziko lonse, koma akonzi akumuyezerabe mawu! Patapita masiku ochepa boma linavomera kuti anathawadi, ndipo mu April anamugwira ku Tanzania, kufupi ndi Arusha, ali ndi chibwenzi chake, Dr Nandipha Magudumana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akonzi ajawo anadekhadi miyezi yambirimbiri.

Pano ndivomereko, asanandinene kuti ndaledzera ndi marandi. Dzina limene manyuzipepala a kuno anamupatsa Bester, lomumangiriza ku Facebook ndi kugwiririra, linali logulitsira nyuzi, ndipo linachititsa ambiri kuiwala kuti anaphanso mkazi. Komanso kusamala konseku kumasungunuka womangidwayo akakhala wobwera. Dzina abisa bwinobwino, koma mutu wa nkhani ukuwa kuti m'Malawi, m'Zimbabwe kapena m'Mozambique wagwidwa. Mwini dziko akapha munthu salemba kuti mSouth Africa wapha. Mawa lake ife tonse mu taxi timakhala chete ngati taba, foni ikalira osayankha m'Chichewa. Chimenecho ndi chilema chawo, ndipo sachiona.

Ku Zambia sindikuona kusiyana kwenikweni ndi ife. Abale atatu a Mailoni a ku chigwa cha Luano, amene ankawaganizira kuti anapha anthu ambiri, anaphedwa ndi asilikali mu 2013, ndipo zambiri zimene anthu amanena za iwo sizinapimidwe m'khoti.

Koma kwathu ngakhale khoti litagamula timasokonezabe. Pa mlandu wa Macdonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018, khoti lalikulu mu 2022 linapeza anthu 12 olakwa, koma pa milandu yosiyanasiyana. Asanu ndi amene anapezeka olakwa pa kupha, kuphatikizapo m'bale wake. Wansembe Thomas Muhosha anapezeka wolakwa pa malonda a ziwalo za munthu n'kulamulidwa zaka 30. Ndi mlandu wonyansa, sindikumuchotsera kalikonse. Koma funsani anthu khumi pa depoti, asanu ndi anayi akuuzani kuti wansembe uja ndiye anapha. Chigamulo chinalipo, cholembedwa, koma ndi angati mwa olemba pa intaneti amene anachiwerenga?

Mabungwe oona za utolankhani alipo, Media Council of Malawi ilipo, MISA Malawi ilipo, ndipo atolankhani ena a manyuzipepala akuluakulu amayesetsa, sindikukana. Koma masamba amene abale athu amawerenga pa bandulo ya K500 alibe mkonzi, alibe adiresi, ndi mnyamata mmodzi ndi foni yake. A tsamba lija ndawalembera katatu kuti achotse chithunzi cha msuweni wanga, ndatumiza ndi uthenga woti anatulutsidwa opanda mlandu. Uthenga wanga akuuwerenga, timizere tabuluu tikuoneka. Dzulo ndayang'ananso, chithunzi chilipobe, ndipo makasitomala ake akale akukwera kabaza wa ena.