Lekani kunyoza masewera a tianthu ta timitengo

Loweruka lapitali ndinapsa mtima pa shopu ina yochita fotokope pa boma pano pa Kasungu. Mphwanga wa zaka 11 amandidikira pa kompyuta yakale ya pakona, akusewera masewera a ndewu a tianthu tojambulidwa ngati timitengo, tomwe mutu wake ndi kozungulira chabe ndipo manja ndi miyendo ndi mizere yakuda. Kunabwera mnyamata wina wa foni yodula, nayamba kumuseka mwanayo pamaso pa anthu, kumuuza kuti amenewo ndi masewera a amphawi ndipo kuti anzake amasewera Mortal Kombat, masewera a ndewu a zithunzi zokongola. Mwanayo anatseka masewerawo mwamanyazi, ndipo mpaka lero mtima wanga sunatsike.

Achimwene inu, kukoma kwa masewera a ndewu sikuli pa kukongola kwa zithunzi. Kuli pa chala. Munthu akadina batani, nkhonya imatuluka nthawi yomweyo. Akachedwa pang'ono kulewa theche la mdani, amagwa, ndipo amadziwa yekha kuti wolakwa ndi iyeyo. Tianthu timeneti tilibe nkhope, tilibe zovala, tilibe minofu yotupa, choncho diso silitanganidwa ndi china chilichonse koma kudumpha, kutchinga ndi kumenya. Mwana amawadziwa mabatani onse asanathe mphindi ziwiri, koma kuti agonjetse adani anayi omuzungulira pamafunika luso lenileni, ndipo luso limenelo siligulidwa ndi foni yodula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masewera ambiri okongola amene mumatamawo amafuna ma GB ochuluka, makina amphamvu ndi magetsi osazima, pamene awa amangofuna kutsegula browser, ndipo amayenda ngakhale pa kompyuta imene eni ake anaitaya kale mtima.

Kodi bawo munaliona lili ndi zithunzi? Ndi maenje 32 ndi timiyala basi, koma madoda amakhala pansi pa mtengo tsiku lonse osatopa nalo, ndipo palibe amene analitchulapo kuti masewera a amphawi. Ndikubwereza: chokoma ndi mpikisano, osati utoto. Pamene kampani ya Adobe inasiya kusamalira Flash, pulogalamu imene masewera ambiri a pa browser ankayendera, pa 31 December 2020, masewera a mtundu uwu sanafe, opanga anangosamukira ku HTML5, njira ina yopangira masewera a pa browser, chifukwa owakonda analipo ndipo akadalipo. Kunyozako ndi kudzionetsera chabe.

Chimene chikanayenera kutikwiyitsa tonse pa kompyuta ija si tianthu ta timitengo ayi. Ndi zotsatsa malonda zimene zimadzaza m'mbali mwa masewerawa, zimene zimadya bandulo komanso kukopa ana kuti adine. Tsiku lomwelo, mphwanga asanatseke, ndinaona ndi maso anga chotsatsa cha kubetcha mpira chikuthwanima pambali penipeni pa masewera amene akusewera mwana wa Sitandade 5.