Simenti kulimba sikuti yauma

Anzanga amene mukumanga kuno ku Dedza chonde tisamawathamangitse amisiri pa nkhani ya pansi. Dzulo ndinali kwa achemwali anga, nyumba yatsopano yokongola bwino koma ukagogoda matailosi a pabalaza ndi kiyi akungolira ngati ng'oma, awiri a pakhomo athetheka kale, penti ya m'munsi mwa khoma nayo yayamba kufundudzuka. Anathira screed (simenti ya mchenga yosalazira pansi) mu June, patangotha masiku asanu basi matailosi pamwamba poti lendi inali itawatopetsa. Ine ndikuwamvetsa, lendi imawawa, komatu pano akugulanso matailosi kachiwiri ndipo zandikhudza kwambiri.

Chimatipusitsa n'choti mawa lake umaponda bwinobwino osasiya phazi ndiye umati zatheka. Ayi ndithu, mkatimo madzi adakali tho. Sabata yoyamba simenti imafuna kuthiriridwa kapena kufunditsidwa pulasitiki kuti isang'aluke, mphamvu zake zimadzakwana pa masiku 28. Kuuma ndiye nkhani inanso. Kawerengedwe kake ndi tsiku limodzi pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwa screed mpaka 40, kupitirira apo masiku awiri pa milimita, ndiye screed ya 50mm ndi miyezi iwiri yathunthu, ndipotu kumeneko n'kuwerengera kotentherako ngati madigiri 20 komanso mphepo ikulowa. Nanga kuno mu June ndi July, nkhungu yatsika m'phirimu, jinzi masiku awiri pachingwe osauma, mukuti simenti ya m'nyumba yotseka mawindo ingaume bwanji?

Matailosi wambawa dikirani osachepera masabata atatu, screed imakhala ikufotabe ndipo ikamafota imakoka tailosi. Koma matabwa, kapeti ya pulasitiki kapena penti ya pansi, zimenezo ndiye mpaka iumiretu. Kuyesa kwake n'kosavuta, dulani pulasitiki, muyale pansi, m'mbali monse mumate ndi tepi, isiyeni tsiku lathunthu. Mukavundukula n'kupeza thukuta kunsi kapena simenti yada, sinaume imeneyo.

Ndipo kudikira sikuti ntchito yaima. Tsegulani mawindo masana, mmisiri wa magetsi azimaliza zake, siling'i ikwere, septic ikumbidwe, wa matailosi mumuuziretu deti yake osati mungomuitana poti ndalama yapezeka lero. Mmisiri akakuuzani kuti bwana tidikire kaye musamuone ngati waulesi.

Loweruka tikukachotsa matailosi olira aja kwa achemwali. Pulasitiki ndi tepi ndagula kale, latsopano silikhala pansi tisanayese.