Mpando wa jaji si ufumu wa m'mudzi

Ndakwiya nayo nkhani ya Jaji Pauline Newman wa ku America. Mayiyu anabadwa mu 1927, Pulezidenti Ronald Reagan anamuika pa khoti la apilo la Federal Circuit ku Washington mu 1984. Mu 2023, ali ndi zaka 96, majaji anzake anamuimitsa kumva milandu atakana kukayezedwa ndi madokotala omwe iwo anasankha. Iye akuti mutu wake ukugwira bwinobwino, mpaka anawasumira anzakewo. Mpando ukadali wake, malipiro akulandirabe, milandu sakumva. Chosecho kulibe amene angamuuze kuti amayi kapumeni, chifukwa lamulo silinaike zaka zopumira.

Mayiyu sindikumunyoza ayi, ntchito anaigwira. Ndikudana ndi lamulolo. Munthu asamakhale pa mpando woweruza anzake mpaka imfa!

Makhoti a boma lalikulu ku America ali m'magawo atatu: pansi pali makhoti 94 omwe mlandu umayambira, pakati pali makhoti 13 a apilo, pamwamba pali Supreme Court ya majaji 9. Majaji a makhoti onsewa amawasankha ndi pulezidenti, aphungu a nyumba ya malamulo ya Senate n'kuvomereza, basi zatha. Akalumbira alumbira. Kuti achotsedwe, nyumba ina ya malamulo ya House imuimbe mlandu kenako magawo awiri mwa atatu a Senate agwirizane. Chiyambire 1789 ochotsedwa motero ndi majaji 8 okha, womaliza anali Thomas Porteous mu 2010. Ndiye mundiuze, kumeneko n'kulemba munthu ntchito kapena kulonga ufumu? Kumudzi timadziwa kuti mfumu imachoka pampando tsiku la maliro ake, koma khoti si mudzi.

Akuti olemba malamulo a dziko la America analemba choncho mu 1787 kuti jaji asamaope andale. Chabwino. Nanga Germany bwanji? Jaji wa khoti la malamulo a dziko kumeneko amakhala zaka 12, sabwerezanso, ndipo akafika zaka 68 amapuma. Kodi majaji a ku Germany amanjenjemera pamaso pa andale? M'zigawo za America momwemo, khoti lalikulu la chigawo lomwe jaji amakhala moyo wake wonse popanda malire a zaka ndi la ku Rhode Island kokha. Zigawo zina zonse zinaona kuti n'zosathandiza.

Taonani zomwe zimachitika mpando ukamadikira maliro. Jimmy Carter analamulira zaka zinayi, sanaike jaji ngakhale mmodzi ku Supreme Court. Donald Trump m'zaka zinayi zake zoyamba anaika atatu. Jaji wa khotilo Antonin Scalia atamwalira mu February 2016, Pulezidenti Barack Obama anasankha Merrick Garland kuti alowe m'malo mwake, koma mtsogoleri wa chipani cha Republican ku Senate, Mitch McConnell, ndi anzake anakana ngakhale kumufunsa mafunso, ati chisankho chayandikira. Jaji wina wa khotilo Ruth Bader Ginsburg atamwalira mu September 2020, Trump ali pampando, anthu omwewo anathamangitsa dzina la Amy Coney Barrett n'kumuvomereza pa 26 October, kutatsala masiku 8 kuti anthu avote. Barrett anali ndi zaka 48. Werengani nokha kuti adzakhalapo mpaka liti.

Ginsburg ambiri anamupempha kuti apume Obama akadali pampando. Anakana, anafera pantchito ali ndi zaka 87, mpando wake n'kupita kwa munthu wa maganizo osiyana kotheratu ndi ake. Pasanathe zaka ziwiri, mu June 2022, khotilo linagwetsa chigamulo cha Roe v. Wade cha mu 1973, chomwe chinkapatsa amayi ufulu wochotsa mimba. Zengerezu adalinda kwaukwau. Kaya chigamulocho munachikonda kaya ayi, dziko la anthu oposa 330 miliyoni lisamayendere tsiku lomwe mtima wa nkhalamba imodzi waima. Ufulu wa anthu usamadalire kuti ndani wadwala chaka chino.

Komatu sikuti akapuma akagona ndi njala. Jaji wa zaka 65 amene wagwira zaka 15 akhoza kupuma n'kumalandirabe malipiro ake onse. Chomukakamiza kukhala ndi chiyani ngati si kukoma kwa mpando? Muikireni malire, zaka zikakwana atule pansi, abwere wina. Malire basi.

Ndiye pali izi za mphatso. Mu 2023 atolankhani a ProPublica anaulula kuti Clarence Thomas, yemwe wakhala ku Supreme Court kuyambira 1991, kwa zaka zambiri ankayenda pa ndege ndi pa sitima yapamadzi ya mpondamatiki Harlan Crow osalemba m'mafomu oulula chuma. Anthu atafuula, mu November chaka chomwecho khotilo linatulutsa malamulo a khalidwe la majaji ake. Wowalanga akaswa malamulowo ndani? Palibe. Aliyense adziweruze yekha! Kalaliki wamba wa m'boma atachita zomwezo bwenzi atalongedza kale katundu wake.