Nyumba ija si yanga, chonde

Ndikulankhula ndi inu a m'gulu la banja pa WhatsApp. Nyumba munaiona pachithunzi ija si yanga, si ya abwana anganso. Ndinachita kulipira pakhomo kuti ndilowe, ndipo mipando yake anaitchinga ndi chingwe, ngakhale kukhalapo salola.

Patatha miyezi itatu ndikusamalira agogo ena kuno ku Massachusetts, kuwasambitsa, kuwatembenuza usiku, ndinapeza katsiku kamodzi kopuma. Mnzanga anati tiye ku Newport, ku Rhode Island, tikaone nyumba za mpondamatiki zakale m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic. Tinayambira ku The Breakers, ya Cornelius Vanderbilt II, yomwe inatha kumangidwa mu 1895 ndi chuma cha njanji. Zipinda 70! Koma eni ake ankaitcha kanyumba kopumulirako, ankabwera nyengo yotentha yokha, masabata owerengeka, n'kubwerera ku New York. Bafa lina lili ndi mipopi inayi: madzi wamba otentha ndi ozizira, a m'nyanja otentha ndi ozizira. Ine ndinangoima pamenepo, m'mutu muli amayi ali pamzere kumjigo ndi ndowa.

Golide wa kudenga sanandipweteke mtima ayi. Chinandipweteka ndi ku The Elms, ya Edward Berwind, mwini migodi ya malasha. Zipinda za antchito anazibisa pamwamba penipeni, kuseri kwa khoma, kuti mlendo ali pabwalo asadziwe n'komwe kuti kumagona anthu. Malasha ankalowa kudzera m'ngalande ya pansi panthaka. Ambiri mwa antchitowo anali obwera ngati ife, ochokera ku Ireland ndi maiko ena a ku Ulaya. Ndinangoti eee, koma awa ndi ine ndemwe. Nanenso ndimagona kuchipinda cha pansi, pafupi ndi makina ochapira, ndipo ana a agogowa akabwera ndi alendo amandiuza mwaulemu, akumwetulira, kuti ndikapumeko kaye kunsi.

Ndiye potuluka, mphepo ikuomba pa Cliff Walk, kanjira ka m'mphepete mwa nyanja kodutsa kuseri kwa The Breakers, ndinajambulitsa kamodzi kokha, jekete lake lobwereka. Cholakwa changa n'chimenecho. Ndisanafike n'kunyumba komwe foni inali itadzaza. Amalume akuti mphwanga Mulungu wakukumbukira, feteleza chaka chino matumba asanu ndi limodzi. Msuweni akufuna fizi. Wina amene sanandipatseko moni chichokere kumudzi akufunsa ngati m'nyumbamo mungapezeke kachipinda kake. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za msana wanga, womwe ndakhala ndikudandaula chiyambire Januwale.

Amalume, ndatumiza ya matumba awiri, ena anayiwo mukafunse kwa a Vanderbilt. Chithunzi chija ndachichotsa, ndipo ndikumva agogo akuitana kumwambaku.