Jambhala si chithumwa, amalonda inu

Pa Facebook pakuzungulira chithunzi cha wamalonda wina amene wakhazika chiboliboli cha Jambhala pansi, pambali pa nsapato za kaunjika, n'kulemba kuti muchigule, muchiike pafupi ndi kabokosi ka ndalama, mwezi usanathe mwalemera. Zikunyansa. Mwina ndi umbuli, mwina ndi njala ya makobili, kaya. Koma Jambhala, amene Abuda amamutenga ngati mulungu wa chuma, si chithumwa, si chizimba cha bizinesi.

Tachiyang'anitsitsani chibolibolicho musanatchule mtengo. Jambhala wachikasu, amene Abuda a ku Tibet ndi ku Nepal amamuika pa guwa la m'nyumba, kudzanja lamanja amanyamula chipatso cha mtundu wa ndimu. Kumanzere wagwira kanyama ka mtundu wa nyenga, ndipo kanyamako kakulavula miyala yamtengo wapatali. Kakulavula, sikakumeza ayi. Nyenga ndi mdani wa njoka, ndipo m'chiphunzitso chawo njoka ndi imene imakhalira chuma, kuimira umbombo. Ndiye chiboliboli chonsecho chikunena kuti tambasula dzanja. Kupatsa n'kuika, anatero akale. Pa makhalidwe 6 amene Abuda a Mahayana amati munthu awakwaniritse, loyamba ndi kupatsa. Inu mwatenga chizindikiro cha kupatsa n'kuchisandutsa nyambo ya anthu aumbombo. Manyazi mulibe?

Eni ake sachisamala mwachibwana. Chopangidwa bwino, monga cha amisiri a ku Patan m'chigwa cha Kathmandu, chimakhala chamkuwa, m'kati muli mphako. Mphakoyo saisiya choncho. Pakati amaimika kamtengo, kawirikawiri ka mkungudza wa kumeneko, kuchoka kumutu mpaka pansi, n'kuzunguliza timapepala topindapinda tolembedwa mapemphero, n'kutseka mipata ndi lubani ndi zitsamba zouma. Akatero amamata pansi ndi kachitsulo, lama, mphunzitsi wa chipembedzo chawo, n'kudzachidalitsa. Chopanda kanthu m'kati Atibeti sakonda kuchipatsa zopereka. Chanu chapulasitikicho mwaikamo chiyani?

Malo akenso ali ndi mwambo. Sachiika pansi, sachiika koloza mapazi munthu akagona. Guwa limakhala pamwamba, ndipo pakati, pamalo okwera kuposa onse, pamakhala Buddha Shakyamuni, amene anayambitsa chiphunzitso chawo. Jambhala amakhala m'munsi kapena m'mbali. Kutsogolo amandanditsa timbale 7 ta madzi. M'mawa amathira kuyambira kumanzere kupita kumanja, pakati pa kambale ndi kanzake n'kusiya mpata wa kanjere kamodzi ka mpunga, madzinso osafika pakamwa penipeni, kutsala kanjere komweko. Madzulo amakhuthula kuyambira kumanja, kupukuta, n'kuvundikira, chifukwa mbale yopanda kanthu siyang'ana kumwamba pa guwa. N'chifukwa chiyani madzi? Chifukwa madzi munthu amapereka mtima osawawa, ngakhale mmphawi. Akuphunzitsa dzanja kupereka tsiku ndi tsiku. Ndi pomwe pagona nkhani, osati kudikira kuti ndalama zigwe kudenga.

Ngakhale mwambo wina, wothira madzi pa chiboliboli chenichenicho, simuudziwa. Amaika Jambhala m'mbale, n'kumathira madzi pang'onopang'ono pamutu pake akunena pemphero lake. A Jambhala alipo 5, wachikasu, woyera, wakuda, wobiriwira ndi wofiira, ndipo wakuda samuthira pamutu koma pamimba. Chiboliboli cha nkhope yopakidwa golide waufa sachithira n'komwe, golideyo amasukuluka. Pamafunika kena kachitsulo kosapaka kanthu. Zimenezi mumawauza ogula anu? Ayi, inu n'kungoti lemerani, lemerani.

Simuyenera kukhala Mbuda kuti muone kulakwa kwake. Wina atatenga mtanda kapena Korani n'kuika pa nsapato, n'kumalengeza kuti ndi mankhwala okokera makasitomala, bwenzi mudzi wonse utamuukira. Za eni ake nazonso n'zopatulika kwa eni akewo.

Ndiye pali uyu wamimba yaikulu, woseka, wonyamula thumba, amene mumauza anthu kuti azimusisita pamimba kuti apeze mwayi, n'kumamutcha Buddha. Ameneyo ndi Budai, mmonke wa ku China wa m'zaka za m'ma 900, amene Atchaina amamutenga ngati Maitreya, Buddha amene akumudikira kuti adzabwera m'tsogolo. Siddhartha Gautama, Buddha Shakyamuni uja, anabadwira ku Lumbini zaka zoposa 1,000 Budai asanabadwe, ndipo zibolibolizo sizifanana n'pang'ono pomwe. Mukugulitsa katundu woti ngakhale dzina lake simulidziwa.