Yambani ndi ntchito zokonzanso, osati nyumba zatsopano

N'zoona kuti ntchito zomanga zikachepa, makampani ojambula mapulani a nyumba amathamangira ku makoleji ndi mayunivesite. Koma ambiri amalakwitsa polowera. Amalunjika pa laibulale yatsopano kapena holo yaikulu, chonsecho ndalama zikavuta, zimenezi ndi zomwe zimayamba kuimitsidwa. Zomwe siziima ndi zokonzanso: denga lodontha, mawaya akale a magetsi, zimbudzi za m'mahositelo, malabu osowa mpweya wabwino, ndi njira zodutsa anthu olumala.

Woyenera kumudziwa si mkulu wa yunivesite ayi, koma woyang'anira nyumba ndi malo, komanso a ku ofesi yogula katundu. Lembetsani pa mndandanda wawo wa makampani ovomerezeka, ndipo werengani pulani yawo ya chitukuko, yomwe kawirikawiri imakhala ya zaka 5 mpaka 10.

Kalendala ndiye imapweteka ambiri. Ntchito yaphokoso ndi yafumbi imachitika pa holide yaitali, yomwe nthawi zambiri sipitirira miyezi itatu. Choncho mapulani athe kukadali miyezi isanu ndi umodzi holideyo isanayambe, chifukwa zikepe, mawindo ndi makina oyendetsa mpweya amachedwa kufika akaitanitsidwa. Hositelo ikapanda kutha sukulu potsegulira, ophunzira amasowa pogona, ndipo inu simudzaitanidwanso.

Poika mtengo, werengerani misonkhano. Dipatimenti, komiti ya zachuma ndi khonsolo ya yunivesite, aliyense amafuna kusinthako kanthu, ndiye lembani mu kontirakiti kuti mudzasintha kangati osalipiritsa. Ngati simunajambulepo labu, gwirizanani ndi kampani yomwe inachitapo kale. Zithunzi za mashopu ndi maofesi sizikopa komiti ya yunivesite.